Kayezedwe koyenera ka mpweya wa m'matayala nyengo yotentha

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, madalaivala ena amaima panjira n'kuyeza matayala, ndipo akaona kuti geji ikuonetsa mpweya wochuluka kuposa umene anapopa m'mawa, amayamba kuphwetsa poopa kuti tayala liphulika. Manthawo ndi omveka, koma kuphwetsako ndiko kumaika miyoyo pachiswe.

Galimoto ikamayenda, tayala limapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikako, pamodzi ndi kutentha kwa phula ndi kwa mabuleki, kumatenthetsa mpweya umene uli mkati. Mpweya wotentha umafuna malo aakulu, koma poti ulibe kothawira umakankha tayala mwamphamvu. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 a Celsius, geji imakwera ndi pafupifupi 0.1 bar (bar ndi psi ndi miyezo ya mphamvu ya mpweya), choncho tayala limene munapopa 2.2 bar, kapena kuti 32 psi, ponyamuka ku Lilongwe likhoza kuonetsa 2.4 kapena 2.5 mukamafika ku Ntcheu. Izi si vuto, chifukwa opanga galimoto anaziganizira kale poika mlingo wawo.

Yezani matayala ali ozizira, kutanthauza kuti galimoto yaima kwa maola atatu kapena yangoyenda makilomita osapitirira awiri. M'mamawa dzuwa lisanatuluke ndiyo nthawi yabwino, popeza tayala limene lakhala padzuwa limaonetsa mpweya wochuluka kuposa linzake la kumthunzi. Mlingo woyenera umalembedwa pakapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, kapena mkati mwa chivundikiro cha pothirira mafuta, komanso m'buku la galimoto. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala musaitsatire, chifukwa imeneyo ndi malire amene tayalalo lingapirire, osati mlingo woyendera. Kapepalako nthawi zambiri kamapereka mlingo wina wokwererapo wa galimoto yodzaza anthu ndi katundu, ndipo ndikanakonda oyendetsa maminibasi akanamauwerenga.

Ngati mwakakamizika kupopa muli paulendo, onjezerani 0.3 bar pamlingo wolembedwawo, kenako mudzayezenso m'mawa mwake. Koma kuphwetsa tayala lotentha musayerekeze. Mukatsitsa mpweya kufika pa 2.2 lili lotentha, ndiye kuti likazizira lidzatsala ndi 1.9 kapena 2.0 basi. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri m'mbali, kupindikako kumabala kutentha kwina, ndipo kutenthako kumafooketsa ulusi ndi mawaya a mkati mpaka tayala kusweka galimoto ili paliwiro. Choopsa n'chakuti zonsezi zimachitika mkati mosaoneka, moti mukhoza kulipopanso bwinobwino koma kuwonongekako kuli pomwepo. Tayala lochepa mpweya limathanso msanga m'mphepete ndi kumwetsa mafuta ambiri.

Nyengo ikasintha muziyezanso, pakuti mpweya umene munapopa kukutentha umatsika kukazizira mu Juni ndi Julaye, makamaka kumalo okwera ngati Dedza ndi Mzuzu. Ngakhale tayala lopanda chibowo limataya mpweya pang'onopang'ono, choncho yezani kamodzi pamwezi komanso musananyamuke ulendo wautali, osaiwala sipeya. Gulani geji yanu yaing'ono yosunga m'galimoto, chifukwa mageji a m'malo opopera matayala amasiyana kawerengedwe, ndipo kumenya tayala ndi phazi sikungakuuzeni kusiyana kwa 1.9 ndi 2.2 bar.