Thanki yatsopano musaikemo nsomba kaye, yambani kuweta mabakiteriya

Anzanga okonda nsomba za m'nyumba, nkhani iyi ndimauza aliyense amene wangogula aquarium (thanki yowetera nsomba) koma ambiri amamva nsomba zitayamba kale kuyandama. Ine yanga yoyamba ndinadzaza madzi Loweruka, Lamulungu ndaikamo mbuna 6 (tinsomba tokhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi), sabata isanathe 4 zafa, zinkangokhala pamwamba kukamwa yasa pomwe madzi akuoneka oyera bwinobwino. Zinandiwawa kwambiri, ndipo vuto silinali nsombazo ayi.

Nsomba ikamapuma komanso ikamachita chimbudzi imatulutsa ammonia, ndipo ammonia ndi poizoni, imawotcha makha a nsomba. Ku nyanja madzi ndi ambiri zimangosungunuka, koma mu thanki ya malita 100 ikapita kuti? Amene amachotsa ndi mabakiteriya okhala mu siponji ya fyuluta (kachipangizo kosefa madzi) ndi pa miyala. Gulu loyamba limadya ammonia n'kuisandutsa nitrite, yomwenso ndi poizoni, kenako gulu lachiwiri lotchedwa Nitrospira limasandutsa nitrite kukhala nitrate imene siyoopsa kwenikweni, iyo mumangoichepetsa posintha madzi. Thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe, ndiye ntchito yanu masabata oyambawa ndi kuwaweta iwowo basi.

Dzazani thanki, ikani mchenga ndi miyala, yatsani fyuluta ndipo isazimenso usana ndi usiku. Madzi a pampopi a Lilongwe Water Board amakhala ndi klorini, kwa ife anthu ndi zabwino koma mabakiteriya amafa nayo, ndiye thirani dechlorinator (mankhwala ochotsa klorini) ngati Seachem Prime nthawi zonse mukathira madzi atsopano. A pa mjigo alibe klorini. Heater, yotenthetsera madzi, ikani pa madigiri 27 kapena 28, makamaka Juni ndi Julayi pamene kuno kumazizira usiku, madzi ozizira mabakiteriya amaswana mochedwa kwambiri. Nyali ya thanki isiyeni yozima, mungoweta ndere.

Tsopano chakudya cha mabakiteriyawa. Chabwino kwambiri ndi ammonia ya m'botolo yopanda sopo kapena pafyumu, gwedezani botololo, likachita thovu lokhalitsa lisiyeni. Donthezani mu thanki pang'onopang'ono mpaka muyeso ufike 2 ppm (ppm ndi muyeso wa kuchuluka kwake m'madzi, mumauona pa test kit, zipangizo zoyezera madzi). Mukaisowa musadandaule, tengani kachidutswa ka nsomba yaiwisi yosathira mchere, kukula ngati chala chachikulu, kulungani mu kansalu ka neti muponyemo kaziwola, kapena muzithira chakudya cha nsomba pang'ono tsiku lililonse ngati kuti mu thankimo muli nsomba. Njira iyi imanunkhako ndipo muyeso wake suwongoleka bwino koma imagwira.

Chinthu chimene sindingalole kuti mudumphe ndi test kit, ya madontho ngati ya kampani ya API ndi yodalirika kuposa ya timapepala toviika m'madzi. Popanda iyo mukungoganizira, chifukwa madzi a poizoni ndi madzi abwino ndi maso amaoneka chimodzimodzi. Yezani pakapita masiku awiri aliwonse muzilemba mu kope. Sabata yoyamba mwina palibe chisinthe, musataye mtima. Kenako ammonia iyamba kutsika nitrite n'kukwera, ndipo apa ndi pamene anthu amatopa chifukwa nitrite imatha kukakamira pamwamba masabata awiri kaya atatu osasuntha, gulu lachiwiri lija limakula mochedwa. Pitirizani kuthira ammonia ikatsika, koma nitrite ikapitirira 5 ppm sinthani theka la madzi. Madzi akachita mbuu ngati mwathira mkaka zisiyeni, ziyera zokha.

Nanga magetsi akazima? Mabakiteriyawa amafuna mpweya, madzi akaima maola ambiri mu fyuluta amayamba kufooka. Kapampu ka mpweya ka mabatire kamathandiza zedi, apo ayi tulutsani siponji muiike mu thanki momwemo, muzitunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba nthawi ndi nthawi. Chachikulu siponji isaume.

Ngati muli ndi mnzanu ku Area 47 kaya ku Kawale amene thanki yake yakhalitsa ndipo nsomba zake sizikudwala, mupempheni chidutswa cha siponji yakale ya mu fyuluta, chija chakuda chooneka chauve, mubwere nacho chili m'madzi a mu thanki yake muchilowetse mu fyuluta yanu tsiku lomwelo. Zili ngati kupala moto kwa aneba, masabata 4 mpaka 6 amene ntchitoyi imatenga amatha kufupika kwambiri.

Mudziwa kuti zatheka mukathira ammonia kufika 2 ppm, ndiye pakatha maola 24 ammonia ili 0, nitrite ili 0, nitrate ikuoneka. Bwerezani kawiri kuti mutsimikize. Mukatero chotsani kachidutswa kansomba kaja ngati munaika, sinthani madzi ambiri ndithu kuti nitrate itsike pansi pa 20 ppm, heater bwezerani pa 25 kapena 26, nsomba zilowe mawa lake mabakiteriya asanakhale ndi njala. Kwa amene mukufuna mbuna apa mwapindula, chifukwa zimalimbirana malo kwambiri ndipo zimakhala bwino kuziika pamodzi tsiku limodzi kusiyana ndi kumawonjezera imodziimodzi yatsopano n'kumamenyedwa. Masiku oyamba dyetsani pang'ono, muziyezabe madzi, ndipo siponji ikada muitsukire mu beseni la madzi ochokera mu thanki momwemo, osati pampopi.