Potsetsereka pakakula, tsamirani kutsogolo

Inu amene mwayamba kuphunzira ski, masewera otsetsereka pachipale mutaponda timatabwa tiwiri tatitali (ma ski), kaya ku Glenshee kuno ku Scotland kaya ku Afriski ku Lesotho, dziwani kuti mantha ndi amene amagwetsa ambiri. Phiri likatsika kwambiri, thupi limathawira kumbuyo lokha. Likatero, kulemera konse kumachoka kumphuno kwa ma ski, ndipo amangothamanga osamvera kuti akhote. Pindani mawondo pang'ono, misongolo ikanikize kutsogolo kwa buti, manja akhale patsogolo pomwe mukuwaona. Poyamba mtima umakana, umati mukudziponya kuphompho, koma apo m'pomwe ma ski amayamba kukumverani. Maso akhale kumene mukufuna kupita. Mukayang'anitsitsa mtengo umene mukuuopa, mudzaugunda ndithu.

Ine sindikhulupirira kudzidalira kongodzilimbitsa pakamwa. Taonani akatswiri a slalom, mpikisano wotsika phiri mokhotakhota pakati pa timitengo. Saloledwa kuyeserera njira ya mpikisano. Amangotsika pang'onopang'ono cham'mbali n'kumaloweza kona iliyonse, pouma ndi pofewa. Nthawi yonyamuka ikayandikira mumawaona atatsinzina, manja akukhotakhota m'malere, akutsika phirilo m'mutu. Akanyamuka safunsanso mtima, popeza zonse anazimaliza kale. Inunso imani pamwamba, sankhani pomwe mukhotere katatu koyamba, pumani mozama, nyamukani. Kuimaima nthawi yaitali kumangokulitsa mantha. Ndipo mitundu ya njira musailumphe, kuyambira yosavuta kufika yovuta kwambiri: yobiriwira, yabuluu, yofiira, kenako yakuda. Njira yakuda ya Tiger ku Glenshee ikudikirani kufikira yofiira mutamaitsika mosapupuluma.

Kugwa mudzagwa. Pa Olimpiki ya ku Nagano mu 1998, Hermann Maier wa ku Austria anauluka m'malere, n'kugwa chamutu, n'kuboola maukonde otchinga. Patangopita masiku 3 anapata golide, kenako winanso. Mikaela Shiffrin wa ku America analephera kumaliza mipikisano itatu pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2022, dziko lonse likuonerera, koma mu March 2023 ku Åre, ku Sweden, anapambana ka 87 mu World Cup ya ski, kuposa ka 86 ka Ingemar Stenmark. Mukagwa, yambani mwaona ngati simunavulale, makamaka kumutu ndi m'mawondo. Kenako pezani chifukwa chimodzi chokha, monga "ndinatsamira kumbuyo", m'malo modzinena kuti ndinu wolephera. Bwererani panjira yosavuta tsiku lomwelo mukakonze chimenecho.

Kuntchito ndimayang'anira anzanga osamalira okalamba usiku, ndipo zimenezi zimandithandiza kwambiri. Wachibale wa wodwala akabwera atakwiya, mtima umafuna kubisala mu ofesi n'kutuma wamng'ono. Pitani nokha, ndipo mukhale woyamba kulankhula. Koma zochita wina akagwa pabedi kapena akadwalika mwadzidzidzi zikambiranidwe usiku usanayambe, aliyense adziwe mbali yake. Anthu amakhazikika mtima akaona kuti wowatsogolera sakuyamba kuganiza zinthu zitavuta kale.

Mukamatsogolera gulu paphiri, liwiro likhale la amene akuvutika kwambiri, ndipo muike munthu wodziwa kumapeto. Imani m'mbali mwa njira pomwe otsika akukuonani, osati kuseri kwa kamtunda, n'kuwerenga anthu anu musanapitirire. Wotsika kuchokera kumwamba ndi amene ayenera kulambalala wapatsogolo. Auzeni zimenezi m'mawa. Ngati mukufuna kutuluka m'njira zokonzedwa, werengani kaye lipoti la kugumuka kwa chipale. Muyeso wake umayambira pa 1 kufika pa 5, ndipo pa 3 pomwe ngozi imakhala yaikulu kale. Chifunga chikatseka kapena mphepo ikakula, nenani kuti "tiyeni tibwerere" kamodzi, momveka bwino, ngakhale wina anyinyirike kuti tikiti walipira yatsiku lonse.