Kuyeza Autoclave ndi Pulogalamu ya Pakompyuta: Malangizo kwa Ophika Zida M'zipatala za ku Mzuzu

Aliyense amene anagwirapo ntchito m'chipinda chophikira zida za kufiyeta amalidziwa buku lija lachikuto cholimba limene limakhala pambali pa autoclave (makina ophikira zida ndi nthunzi kuti tizilombo tife), mapepala ake atafufuma ndi nthunzi, cholembera atachimangirira kuchingwe kuti chisasowe. Pa chipatala china chaching'ono cha kuno kumpoto ndinatsegula buku lotere n'kupeza mizere ya mlungu wathunthu ili ndi manambala ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi: madigiri 121, mphindi 30, zonse zili bwino. Bambo amene ankayendetsa makinawo ndi akhama pantchito, ndipo sankalemba bodza mwadala. Iwo ankayang'ana muvi wa geji ya pulesha, ukafika pamene anawaphunzitsa ankayamba kuwerenga nthawi, kenako n'kulemba 121. Koma titaika kachipangizo kolemba kutentha pakati pa phukusi la nsalu, n'kukatsegula zimene kanalemba pakompyuta, tinaona kuti kutentha kwa m'phukusimo sikunafike madigiri 119 ngakhale kamodzi. Bambowo anakhala chete kwa nthawi, kenako anandifunsa kuti, "Ndiye achikulire, zida zonse zija zinapita kumatenite zija zinali zotani?"

Funso limenelo ndilo landichititsa kulemba malangizo ano kwa anamwino oyang'anira zopewa kufala kwa matenda m'chipatala, kwa amisiri a zipangizo zachipatala, ndiponso kwa eni makiliniki a m'madera monga Katoto, Luwinga ndi Chibavi amene ayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta polemba malipoti a kuyeza makina awo.

Ntchito ya pulogalamuyi njosavuta kuimvetsa. Tizipangizo toyezera, timene amisiri amatitcha data logger, timaikidwa m'kati mwa autoclave pamodzi ndi katundu, ndipo timalemba kutentha ndi pulesha sekondi iliyonse kapena pakapita masekondi ochepa. Makina akamaliza, tizipangizoto timalumikizidwa ku kompyuta, ndipo pulogalamu imajambula chithunzi cha mizere chosonyeza mmene kutentha kunakwerera, nthawi imene kunakhazikika ndi mmene kunatsikira. Kenako imayerekeza zimenezi ndi malire amene munthu anaiikira, n'kutulutsa lipoti lonena kuti makina akhoza kapena alephera. Mawu akuti "amene munthu anaiikira" muwasunge, chifukwa pulogalamu ilibe nzeru yodziwira yokha malire oyenera. Mukaiuza kuti madigiri 115 ngokwanira, idzakulemberani kuti makina akhoza, chilembo chobiriwira chili poonekera, pamene tizilombo tili moyo m'phukusi.

Malire odziwika pophika zida ndi nthunzi ndi awa: madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, kapena madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3, kuwerenga kuyambira pamene malo onse a m'kati afika pa kutenthako. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa mphindi 20 kwa zida zosakulunga ndi mphindi 30 kwa zokulunga pa madigiri 121, ndipo mphindi zowonjezerazo n'zopatsa nthunzi mpata wolowerera m'nsalu. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 285, umene umakhudza makina akuluakulu, umanena kuti pa nthawi yophayo kutentha kusapitirire madigiri 3 pamwamba pa mlingo, ndipo malo oyezedwawo asasiyane ndi madigiri oposa 2. Makina aang'ono a patebulo, ngati amene amapezeka kwa madokotala a mano, ali ndi muyezo wawo wa EN 13060. Musanayambe kuyeza, tsegulani tsamba la malire mu pulogalamu yanu, muwerenge nambala iliyonse, ndipo muifananitse ndi buku la amene anapanga makinawo ndiponso malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Ogulitsa ambiri amasiya manambala amene pulogalamu inabwera nawo kuchokera kunja, ndipo manambalawo angakhale a makina amtundu wina.

Tsopano ndikhazikike pa nkhani imene imatikhudza ife a ku Mzuzu kuposa anzathu a kunyanja. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Nkhata Bay ndi Karonga ali m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, pamtunda wosakwana mamita 500. Munthu akamakwera phiri mpweya umapepuka, ndipo n'chifukwa chake madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Amayi ophika nyemba amazidziwa kale kuti kuno zimachedwa kupsa. Autoclave yamtundu wa mphika, ija yoika pamoto kapena yamagetsi yokhala ndi geji ndi valavu pachivundikiro, imayeza pulesha yake powonjezera pa pulesha ya mpweya wa panja. Kugombe la nyanja yamchere mpweya umakanikiza ndi makilopasiko 101 (kPa, muyezo wa pulesha), ndipo geji ikawerenga 15 psi (muyezo wina wa pulesha), amene ndi makilopasiko pafupifupi 103, zonse pamodzi zimakwana 204 kapena 205, ndiye nthunzi imafika madigiri 121. Kuno mpweya umakanikiza ndi makilopasiko pafupifupi 87 okha, choncho geji yomweyo pa 15 psi imapereka 190, ndipo nthunzi ya pulesha imeneyo imathera pakati pa madigiri 118 ndi 119. Zimene tinaona pa chipatala chija zinali zimenezi, ndipo makinawo sanali owonongeka.

Madigiri awiri kapena atatu amaoneka ochepa, koma pakupha tizilombo ngambiri. Mapulogalamu ambiri amawerengera nambala yotchedwa F0, imene imasandutsa kutentha konse kumene kwayezedwa kukhala mphindi zofanana ndi kuphika pa madigiri 121. Mwa kawerengedwe kameneka, mphindi imodzi pa madigiri 118 imagwira ntchito ya theka la mphindi basi, kotero kuti mphindi 20 zimene munthu walemba m'buku zimakhala ngati mphindi 10. Makina amakono amene amadziyendetsa poyang'ana kutentha amadzikonzera okha vutoli, koma amene amadalira geji sadziwa kuti ali paphiri. Mukapeza kuti makina anu ali m'gulu lachiwirili, musagwire valavu yotetezera ndi manja anu, chifukwa mphika wa nthunzi ukaphulika umavulaza koopsa. Itanani amisiri a nthambi ya PAM (Physical Assets Management), yoyang'anira zipangizo zachipatala mu Unduna wa Zaumoyo, kapena amene anakugulitsani makinawo, aone ngati wopanga amalola kukweza pulesha kufika pafupifupi 17 psi kapena ngati njira yake ndi kutalikitsa nthawi, ndipo akasintha muyezenso katatu motsatizana musanaphikemo zida za odwala.

Pali msampha wina wa mu pulogalamu momwemo wokhudza nkhani yomweyi. Kuti idziwe ngati m'makina mwatsala mpweya, pulogalamu imatenga pulesha imene yayezedwa, n'kuwerengera kutentha kumene nthunzi yeniyeni iyenera kukhala nako pa pulesha imeneyo, kenako imayerekeza ndi kutentha kumene kwapezeka. Ngati kachipangizo kanu kamayeza pulesha mofanana ndi geji, pulogalamu imawonjezapo pulesha ya mpweya wa panja, ndipo kawirikawiri nambala imene imakhalamo ndi ya kugombe la nyanja yamchere. Ikakhala choncho mizere iwiriyo imasiyana ndi madigiri awiri tsiku lililonse, ndipo msiri amataya nthawi kufunafuna pamene mpweya ukulowera pomwe palibe. Funsani wogulitsa kuti kachipangizoko kamayeza pulesha yonse kapena ya geji, ndipo ngati ndi ya geji, lembanimo pulesha ya kuno.

Mpweya wotsalira ndiwo mdani wamkulu wa nthunzi. Umalemera kuposa nthunzi, umakhala pansi pafupi ndi potulukira madzi, ndipo umabisala pakati pa nsalu zopanikizana kapena m'diramu imene mwaiwala kutsegula mabowo ake. Choncho tizipangizo toyezera tisamangoikidwa pamwamba pamene pali poyera. Kamodzi kakhale pansi pafupi ndi potulukira madzi, kena pakatikati pa phukusi lalikulu koposa onse, kena m'malo opanda kanthu, ndipo mujambule chithunzi cha mmene mwapakirira n'kuchiika mu lipoti kuti woyeza chaka chamawa adzapakire chimodzimodzi. Pa chithunzi cha mizere mudzaona mzere wa m'phukusi ukutsalira m'mbuyo mwa inayo, ndipo kutsalira kumeneko ndiko kuyenera kukudetsani nkhawa kuposa china chilichonse. EN 285 imalola kutsalira kwa masekondi 15 okha pa makina osapitirira malita 800. Makina okhala ndi pampu yokoka mpweya ayenera kuyezedwa m'mawa uliwonse ndi phukusi la Bowie-Dick, njira imene J. H. Bowie ndi J. Dick a ku Edinburgh anaiyambitsa ndipo inafalitsidwa mu 1963, pa madigiri 134 kwa mphindi zitatu ndi theka. Pepala limene limakhala pakati pa phukusilo likasintha mtundu mofanana ponseponse ndiye kuti mpweya unatuluka, koma likatsala loyererako pakati, makinawo aime. Pepalalo mulijambule ndi foni, chithunzicho chilowe mu lipoti la tsikulo.

Tepi yamizere imene timamata pa phukusi imangosonyeza kuti phukusilo linalowa m'makina otentha, sinena kuti tizilombo tafa. Umboni wa kufa kwa tizilombo ndi kabotolo kokhala ndi timbewu ta bakiteriya wotchedwa Geobacillus stearothermophilus, kamene kamaphikidwa pamodzi ndi katundu kenako n'kufunditsidwa pa madigiri 55 mpaka 60, pambali pa kabotolo kena kosaphika kotsimikizira kuti timbewuto tinali tamoyo. Zotsatira zake zimalembedwa ndi dzanja mu pulogalamu, ndipo apa m'pamene nambala ya ulendo uliwonse wa makina imaonetsa phindu lake. Nambala imeneyo ikalembedwa pa phukusi, mu lipoti ndi m'fayilo ya wodwala, kabotolo kakasonyeza kuti timbewu tamera mumadziwa mapukusi oti muwabweze kuchokera m'mawodi ndi odwala oti muwayang'anitsitse mabala awo. Popanda nambalayo, funso la bambo aja silikhala ndi yankho.

Pa zochapa ndi kupha tizilombo ndi madzi otentha ndingonena mwachidule, popeza makina ake ngochepa kuno. Muyezo wa ISO 15883 umagwiritsa ntchito nambala ya A0 poyeza mphamvu ya kutentha popha tizilombo, ndipo A0 ya 600 imafanana ndi mphindi 10 pa madigiri 80 kapena mphindi imodzi pa madigiri 90. Pulogalamu imawerengera yokha nambalayi. Kumene mumadalira klorini, lembani mphamvu ya botolo, mmene mwasungunulira ndi ola lake, pokumbukira kuti klorini ya 3.5 peresenti imafuna magawo 6 a madzi pa gawo limodzi kuti ikhale 0.5 peresenti, ndiponso kuti imatha mphamvu ikakhalitsa kapena ikaombedwa ndi dzuwa.

Lipoti limakhala umboni pokhapokha ngati silingakonzedwe mobisa. Aliyense akhale ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi yolowera mu pulogalamu, osati imodzi yolembedwa pakapepala n'kumatidwa pakompyuta, ndipo gawo losunga mbiri ya zonse zosinthidwa likhale lotsegula nthawi zonse. Ulendo umene walephera usafufutidwe. Magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, mzere wa kutentha umagwa, ndipo jenereta ikalira ena amangopitiriza kuwerenga mphindi pamene analekezera. Ulendo umenewo ngolephera, ulembedwe choncho pamodzi ndi chifukwa chake, katundu akulungidwenso, ayambirenso. Wotchi ya kompyuta, ya makina ndi ya tizipangizo zigwirizane, chifukwa tizipangizo tina timabwera ndi nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu, ndipo kompyuta yakale imene batire lake la m'kati linatha imabwerera ku chaka china magetsi akangothima. Tizipangizoto tiziyezedwanso kamodzi pachaka ndi oyeza ovomerezeka, tsiku lake lizioneka pa lipoti, ndipo za miyezo m'dziko muno mungafunse ku Malawi Bureau of Standards. Malipoti asungidwe malo awiri, ndipo lofunika kwambiri lisindikizidwe papepala, asayine amene anayeza ndi namwino wamkulu amene waliwerenga.

Namwino wamkuluyo awerengedi mizereyo, asamangoyang'ana chilembo chobiriwira, ndipo atsike kukagwira mapukusi ndi manja, chifukwa pali zinthu zimene kachipangizo sikaona. Sikaona magazi amene aumira m'polumikizira sizasi yosatsukidwa bwino, ndipo pansi pa magazi otero nthunzi sifika. Sikaonanso chinyezi. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imaphimba Mzuzu mpaka dzuwa litakwera, phukusi lotentha likatulutsidwa msanga n'kuikidwa pa tebulo lachitsulo lozizira limachita thukuta kunsi, ndipo nsalu yonyowa imalowetsa tizilombo ta panja. Lisiyeni limalize kuuma m'makina, lizizire pa shelefu yamabowo kutali ndi zenera, ndipo limene mwalipeza lonyowa mulilembe mu lipoti ngati lolephera ngakhale pulogalamu itanena kuti ulendowo unakhoza.