Momwe mungasokere chidole choyankhula cha oda kuno ku Harare

Mayi ena ophunzitsa Sande sukulu ku Mufakose anandipeza ndi pempho lawo. Ankafuna chidole cha agogo aamuna, a imvi, ovala jekete, oti azikambira ana nthano m'Chichewa, poti adzukulu athu obadwira kuno ambiri amangodziwa Chishona ndi Chingerezi. Chidole chotere simungachipeze m'sitolo iliyonse m'tauni muno, ndiye chifukwa chake anthu amabwera kwa ife osoka pamanja. Amene amafuna ntchitoyi ndi mipingo, masukulu a mkaka, magulu a zisudzo komanso achinyamata ojambula mavidiyo a pa TikTok ndi YouTube. Pano ndifotokoza za mtundu umodzi wokha: chidole chovala kudzanja, chotsegula pakamwa, chomwe manja ake amayendetsedwa ndi waya.

Choyamba, musagwire sizasi musanacheze ndi mwini oda

Khalani naye pansi mumufunse bwinobwino. Chidolechi ndi ndani, mwana kapena nkhalamba? Ndi wanthabwala kapena wolangiza? Chizikaonetsedwa mu holo ya tchalitchi momwe anthu akumbuyo ali patali, kapena pafupi ndi kamera ya foni? Cha mu holo chimafuna maso aakulu ndi mitundu yowala, pomwe cha pa kamera chimafuna msoko waudongo chifukwa kamera imaulula chilichonse.

Funso lalikulu kuposa onse ndi lakuti adzachivale ndani. Nthawi zambiri wolipira ndi wina, wosewera nacho ndi wina. Pemphani kuti wosewerayo abwere yekha. Aike chikhatho papepala inu mulembe mozungulira zala zake, kenako muyeze ndi tepi kuchokera kunsonga ya chala chapakati kufika pachigongono. Chidole chosokeredwa dzanja la bambo chimamira m'dzanja la mtsikana, pakamwa pake sipatsekeka, ndipo mawu ndi milomo siziyendera limodzi. Kasitomala sadzanena kuti muyezo unalakwika. Adzangoti chidolecho sichiyankhula bwino.

Jambulani chithunzi cha kutsogolo ndi cha m'mbali, mwini oda avomereze, kenako alipire theka la ndalama. Popanda theka limeneli musagule kanthu.

Pali maoda awiri omwe ine ndimakana. Wina akhoza kukupemphani chidole chofanana ndi chilombo cha Gule Wamkulu, chomwe anzathu kuno amati zvigure, kuti aziseketsa nacho anthu. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo eni akewo tili nawo konkuno ku Mbare, Mabvuku ndi Epworth. Si zoseweretsa. Oda ina ndi yokopera ndendende zidole zotchuka za pa TV. Zimenezo zili ndi eni ake mwalamulo, komanso sizikweza dzina lanu.

Kogula zipangizo

Siponji ndiye mafupa a chidole. Pitani kwa opanga masofa ku Glen View Area 8 mukafunse zidutswa zotsala, zochindikala sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ifinyeni m'manja. Ikabwerera msanga ndi yabwino, ikamanyenyeka isiyeni. Nsalu ya khungu ikhale fleece, ija ya majuzi ofunda ndi timabulangete ta ana, chifukwa imatanuka ndipo ubweya wake umabisa msoko. Ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare, m'mabhero omwe kumudzi timati kaunjika, mupezako fleece komanso tizovala ta makanda tomwe timakwana chidole popanda kusokanso. Zonse muchape ndi kuziyanika musanadule. Waya ndi masipoko a njinga mukazipeza ku msika wa Siyaso, ku Magaba konko ku Mbare. Onjezerani guluu wa osoka nsapato, ulusi wolimba, singano, choko, lezala latsopano ndi mipira iwiri ya tenisi ya patebulo.

Yambani ndi pakamwa

Apa ndi pomwe ndimakhalitsa, chifukwa moyo wa chidole uli pakamwa. Chidole changa china cha masiku oyamba ndinachiikira katoni mkamwa. Chinkaoneka bwino, koma m'kutentha kwa Okutobala thukuta la wosewera linalowa m'katoniyo, inafewa, chibwano n'kulendewera ana akuonerera. Ndinachisokanso popanda kulipiritsa, ndipo kuyambira pamenepo ndimagwiritsa pulasitiki yokha.

Tengani chigubu chakale cha malita 5, muchitsuke, mudule mbali yake yosalala. Pogwiritsa ntchito chikhatho chija munajambula, dulani zidutswa ziwiri zooneka ngati theka la dzira. Chakumwamba chitalikeko pang'ono kuposa chapansi, monga momwe kamwa la munthu lilili. Palani m'mphepete kuti musatsale pakuthwa. Ziikeni moyang'anizana, musiye kampata ka theka la sentimita pakati, ndipo muzilumikize ndi nsalu yolimba yomatira mbali zonse ziwiri. Kampata aka ndi kofunika: mukazigundanitsa, kamwa limalimba ndipo dzanja limatopa msanga.

Pamwamba pa chidutswa chachikulu matani kathumba ka siponji kolowa zala zinayi, ndipo pansi pa chaching'ono kathumba ka chala chachikulu. Timatumbati tigwire zala mothina pang'ono. Tikakhala totakasuka, wosewera amatsegula zala koma kamwa limatsalira. Mkati mwa kamwa matani nsalu yofiira kapena yakuda, muikepo kalilime. Mukatero valani kudzanja, muyankhule nacho kwa mphindi zisanu. Dzanja likapweteka, konzani pomwepo musanapitirire, poti mutu ukamatidwa simudzafikakonso.

Mutu

Siponji ndi yafulati, mutu ndi wobulungira. Chinsinsi ndi kudula timipata tooneka ngati chilembo V m'mphepete, ndipo mukamata milomo ya timipatato siponji imapindika yokha. Yesani kaye ndi pepala la nyuzi. Likaumbika momwe mukufunira, likhale pateni yanu. Dulani mbali ziwiri zofanana, yamanja ndi yamanzere, ndi lezala lakuthwa.

Guluu wa nsapato amapakidwa mbali zonse ziwiri, pang'ono chabe. Dikirani mpaka asiye kumatirira kuchala, ndiye mugundanitse n'kutsina. Ambiri amapupuluma, amamata akadali wamadzi, mawa lake mutu wang'ambika. Guluuyu ndi wa fungo loipa m'chifuwa ndipo amayaka msanga, choncho matirani panja kapena pawindo lotsegula. Magetsi a ZESA akathima, musamate pafupi ndi kandulo kapena chitofu cha gasi. Ntchito ya makina osokera muziigwira magetsi akakhalapo, yosoka pamanja muisungire nthawi yomwe athima.

Lowetsani kamwa lija m'malo mwake, mumate milomo ya siponji m'mphepete mwa pulasitiki. Masaya, mphuno ndi chipumi muziumbe ndi tizidutswa ta siponji tosemedwa ndi sizasi.

Khungu ndi maso

Kokani fleece muone mbali yomwe imatanuka kwambiri, ndipo mbali imeneyo izungulire mutu chopingasa. Sokani kunsi kwa nsalu, mutembenuze, muveke mutu ngati sokosi. Pozungulira milomo sokani pamanja, timisoko tating'ono toyandikana. Mukamaliza, tengani nsonga ya singano muzitukula ubweya womwe wapanikizika mumsoko, ndipo msokowo uzimiririka.

Maso musawafulumirire. Dulani mpira wa tenisi ya patebulo pakati, kapena gwiritsani mitu ya masipuni apulasitiki. Timadontho takuda tapakati musatiike pakatikati penipeni, chifukwa chidole chimaoneka ngati chikuyang'ana kuthengo. Tisendezeni pang'ono kuloza kumphuno, ndipo mudzaona chikukuyang'anani inuyo. Kwa agogo a mayi aja ndinaika zikope zogwa theka ndi nsidze zoyera za ulusi wa juzi, nkhope n'kukhala ya munthu wodekha. Gwirizitsani zonse ndi mapini, mujambule chithunzi, mutumize pa WhatsApp. Mwini oda akavomera ndiye mumate. Ngati chidolecho chizigwiridwa ndi ana aang'ono, pewani mikanda ndi mabatani oti akhoza kuthothoka mwana n'kumeza. Sokererani chilichonse.

Thupi ndi manja

Thupi ndi thumba chabe, lotalika kufika pachigongono cha wosewera, lokhala ndi siponji m'mapewa kuti jekete likhale bwino. Mkati ikani nsalu ya thonje yoti itha kuchotsedwa n'kuchapidwa. Manja muwadzaze ndi zam'kati mwa pilo, musoke mzere umodzi pachigongono kuti azipindika. Waya woyendetsera dzanja atalike pafupifupi masentimita 40. Nsonga yolowa m'chikhatho cha chidole muipinde ngati mbedza kuti isaboole nsalu, kumunsi muike kachigwiriro kamtengo, ndipo wayayo mumupake penti yakuda kuti asamaonekere.

Mtengo ndi kupereka

Powerengera mtengo phatikizani zipangizo zonse, ndalama ya kombi yopitira ku Mbare ndi ku Glen View, komanso maola anu. Ambiri a ife timaiwala maola, ndipo n'chifukwa chake timatopa popanda chooneka. Lembani mtengo m'madola a ku America. Kuyambira mu Epulo 2024 tilinso ndi ZiG, ndalama ya dziko lino la Zimbabwe, ndiye ngati kasitomala adzalipire ndi imeneyo, kaya pamanja kaya pa EcoCash, gwirizanani kuti mudzatsata mtengo wosinthira wa tsiku lolipiralo. Nenaninso poyamba kuti kusintha kwaulere ndi kangati. Ine ndimalola kawiri, ndipo konse kukhale maso asanamatidwe.

Tsiku lopereka, wosewera abwerenso. Muonetseni kuti poyankhula amatsitsa chala chachikulu, osati kukweza zala zinayi, chifukwa akakweza zala mutu umagwera chagada ndipo maso amachoka pa anthu. Kamwa litseguke kamodzi pa phatikizo lililonse: "Mo-ni a-na" ndi kanayi. Ayeserere pagalasi inu muli pomwepo. Muuzeni kuti asachiviike m'madzi, angopukuta ndi kansalu konyowa, asachisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, ndipo m'nyengo yamvula achiyanike pamthunzi chisanalowe m'chikwama. Pomaliza mupatseni kathumba kansalu kosungiramo, komwe mwasokererapo dzina la ntchito yanu ndi nambala yanu ya foni.