Kuwerenga marejista a fw_cfg kudzera pa MMIO mu QEMU ya ARM

QEMU ndi pulogalamu yoyerekeza makina a kompyuta, ndipo fw_cfg ndi chipangizo chake chopatsira firmware data. Pa ARM marejista ake amafikiridwa ngati ma adiresi a memory (MMIO). Ngati firmware ikugwa kapena ikulandira ziro zokhazokha powerenga fw_cfg, tsatirani izi. Musanayambe, pezani adiresi yoyambira mu device tree (mndandanda wofotokoza zipangizo za makina), pa nodi imene compatible yake ndi "qemu,fw-cfg-mmio". Pa makina a QEMU otchedwa virt imakhala 0x09020000.

1. Mapani dera la mabayiti 24 ngati Device memory, osati memory wamba yokhala ndi cache.
2. Rejista ya data ili poyambirira penipeni, selector (yosankhira kiyi ya chimene mukufuna kuwerenga) pa +8, adiresi ya DMA (kusamutsa data mwachindunji ku memory) pa +16.
3. Lembani selector kamodzi, mabiti 16 onse pamodzi, mwa big-endian (bayiti yapamwamba patsogolo). Apa ndi pamene ambiri amaphonya, makamaka ozolowera x86, kumene doko la 0x510 limalandira little-endian (bayiti yapansi patsogolo). Mukagawa kulembako bayiti imodzi imodzi, selector siyisintha.
4. Yesani ndi kiyi 0x0000, iyenera kubweza zilembo "QEMU". Koma poti ziro ndi yofanana mu big-endian ndi little-endian, yesaninso 0x0019, mndandanda wa mafayilo.
5. Werengani data pa adiresi yomweyo mobwerezabwereza, mabayiti 1, 2, 4 kapena 8. Musagwiritse memcpy, imasuntha adiresi n'kukagunda selector.
6. Pa DMA yolembedwa m'magawo awiri, yambani ndi theka lapamwamba pa +16. Kulemba pa +20 ndiko kumayambitsa ntchito.