Mmene ndinakonzera wotchi ya kompyuta ya pa shopu

Abale a ku Joni kuno, kompyuta yathu yosindikizira ma CV ku Yeoville inayamba kuvuta, magetsi akangothima n'kuyakanso deti imabwerera zaka za m'mbuyo, ndiye Chrome kumakana kutsegula Gmail ati setifiketi ya chitetezo ya webusayitiyo ndi yolakwika chifukwa deti sikugwirizana, makasitomala ali pa mzere akudikira. Zimandiwawa kwambiri chifukwa anthu amenewa akufuna ntchito.

Choyamba ndinatsegula bokosi ndikusintha kabatire kozungulira ka pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta), CR2032, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Deti inakhazikika koma wotchi imatsalirabe pang'onopang'ono, ndipo ndikadina Sync now, batani lolondolera wotchi mu ma setting a deti ndi nthawi a Windows, imangolephera.

Apa mpomwe panali nkhani. Windows imatenga nthawi pa intaneti kudzera mu NTP, njira imene makompyuta amafunsira nthawi yolondola ku ma seva, pa UDP poti 123 (kakhomo kamene uthengawo umadutsira), ndipo firewall ya mu rauta yathu, chitetezo chimene chimalola kapena kutseka zodutsa pa intaneti, inali itatseka poti imeneyi. Ndinaitsegula, kenako mmalo mwa time.windows.com, seva imene Windows imafunsako nthawi, ndinaika za.pool.ntp.org, ma seva a konkuno ku South Africa, yankho limabwera msanga poti ali pafupi. Mu Command Prompt (pulogalamu yolemberamo malamulo mu Windows) ya administrator ndinalemba:

w32tm /config /manualpeerlist:za.pool.ntp.org /syncfromflags:manual /update

kenako w32tm /resync, basi inalondola pompo.

Onaninso time zone yanu, ikhale UTC+02:00 Harare, Pretoria, nthawi yomweyo ya kumudzi ku Malawi. Ikalakwika imeneyi NTP singakuthandizeni, wotchi izingosonyeza ola lina ngakhale sync ikuyenda bwinobwino.