Mmene Wokonza Mapositala Wongoyamba Kumene Angapezere Makasitomala

Munthu amene wangophunzira kukonza mapositala, ma logo ndi makhadi a ukwati pa mapulogalamu monga Canva kapena Photoshop amakhala ndi vuto limodzi: luso lilipo, koma palibe akumudziwa. Ambiri amathamangira kutsegula akaunti pa Fiverr, tsamba la pa intaneti pamene anthu amagulitsa luso lawo, n'kutha miyezi akudikira oda imene sikubwera. Kasitomala salipira luso limene sanalione. Amalipira chimene wachiona ndi maso ake, kapena chimene wamva kwa munthu amene amamukhulupirira. Ntchito yanu yoyamba ndi kukhala ndi zoonetsa, kenako kuziika pamene anthu ozifuna amadutsa.

Sankhani chinthu chimodzi choti muzidziwika nacho. Mukanena kuti mumapanga chilichonse, munthu amakuiwalani asanafike pakhomo pake. Mukanena kuti mumakonza makhadi a chinkhoswe ndi a ukwati, adzakukumbukirani tsiku limene mlongo wake wapeza banja. Zina mudzaonjezera pambuyo.

Zitsanzo zisanu ndi chimodzi

Musadikire kasitomala kuti mukhale ndi zoonetsa. Konzani ntchito zisanu ndi imodzi za mabizinesi ongoyerekeza: saluni, lesitilanti, sukulu yamkaka, shopu ya zipangizo zomangira, positala ya Paper Sunday ya kutchalitchi, khadi la ukwati. Dzina likhale lopeka ndipo muzinena poyera kuti ndi chitsanzo. Musaike logo ya kampani yeniyeni ngati kuti inakulembani ntchito, ndipo musatenge ntchito ya wina pa Pinterest n'kuitcha yanu. Anthu a ntchitoyi amadziwana, ndipo mbiri ya kuba siichoka msanga.

Ziwiri kapena zitatu mwa zitsanzozi kazisindikizeni papepala labwino. Chinthu chooneka bwino pa foni chimatha kutuluka chakuda kapena chosaoneka bwino papepala, ndipo ndi bwino muzindikire zimenezi ndi ndalama zanu kusiyana ndi za kasitomala. Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi zitatu. Chithunzi chotengedwa pa Facebook chimakhala chaching'ono, choncho chikakulitsidwa chimasweka. Zosindikiza zimafuna 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 ta chithunzi pa inchi iliyonse. Foni ndi kompyuta zimaonetsa mitundu ya RGB pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito CMYK, n'chifukwa chake buluu wowala uja amatuluka wozilala. Chachitatu ndi kudula: pepala likamadulidwa mpeni suyenda ndendende pamzere, ndiye mtundu kapena chithunzi chipitirire mzere wodulawo ndi mamilimita 3 m'mbali zonse, ndipo mawu asayandikire m'mphepete. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 ndi 297, la A5 ndi theka lake. Yambani ntchito pa saizi yoyenera, osati kuikoka pomaliza.

Oyamba kukulipirani ali pafupi

Ikani WhatsApp Business m'malo mwa WhatsApp wamba. Ili ndi malo a katalogi pamene mungaike zitsanzo zanu pamodzi ndi mitengo, kotero munthu akafunsa simuyamba kufufuza zithunzi mu foni. Sitetasi imachoka pakatha maola 24, choncho muziika kanthu tsiku ndi tsiku: lero ntchito yomalizidwa, mawa positala yakale pambali pa imene mwaikonzanso. Zithunzi zoyerekeza chakale ndi chatsopano ndi zimene zimaimitsa chala cha munthu.

Kenako pitani kumalo osindikizira. Iyi ndi njira imene oyamba kumene amainyalanyaza, pomwe ndi imene imabweretsa ntchito mosaduka. Ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale pa boma lililonse pali mashopu a fotokope ndi kusindikiza, ndipo tsiku lililonse kumafika anthu atanyamula mawu olembedwa pakapepala, akufuna pologalamu ya maliro kapena khadi la mwambo wa mawa. Mwini shopu nthawi zambiri alibe mpata wokhala pansi n'kukonza zimenezi. Musiyireni zitsanzo zanu zosindikiza ndi nambala, mugwirizane kuti pa kasitomala aliyense amene wakutumizirani azipezapo kangati. Chitani chimodzimodzi ndi ojambula zithunzi pa maukwati, okongoletsa maholo ndi ophika makeke. Iwo amakumana ndi akwati inu musanamve n'komwe kuti kuli ukwati.

Muzitsatanso nyengo. Sukulu zimatsegulira chaka mu Seputembala, ndiye eni sukulu zoyima pazokha afikireni mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Makalendala ndi zotsatsa za Khirisimasi zimakambidwa mu Okutobala ndi Novembala. Mukafika sabata ya mwambo, ntchito inapita kale kwa wina.

Polembera munthu amene sakudziwani, musangoti "Moni" n'kudikira ayankhe. Uthenga ukhale umodzi, wonena zonse, ndipo uonetse kuti mwaiona bizinesi yake. Mwachitsanzo:

"Mayi, mwaswera bwanji? Ndimakonza mapositala a mabizinesi a zakudya. Ndaona tsamba lanu la makeke pa Facebook, ndipo mitengo yalembedwa pachithunzi chakuda moti sikuwerengeka bwino pa foni. Ndakonza kachitsanzo aka kuti muone mmene ingaonekere. Ngati kakusangalatsani, ndingakukonzereni mndandanda wonse pofika Lachisanu."

Tumizani mauthenga otere asanu patsiku, aliyense wolembedwa payekha. Ambiri sayankha, ndipo zimenezi si zachilendo. Pakatha masiku atatu kapena anayi kumbutsani kamodzi, mwaulemu, basi. Kachitsanzo kaja kakhale ndi dzina lanu lolembedwa mopingasa pakati kuti asangokatenga n'kukagwiritsa ntchito.

Mtengo ndi mgwirizano

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Musanatchule mtengo werengani maola amene ntchitoyo itenge, bandulo ya intaneti, thiransipoti ngati mupita kosindikiza, ndi nthawi yokonza zimene kasitomala adzafune kusintha. Kutsitsa mtengo pa ntchito ziwiri zoyambirira kulibe vuto, bola munene kuti ndi mtengo woyambira. Ntchito yaulere muipereke kokha pamene ionedwe ndi anthu ambiri, monga positala ya mwambo wa kutchalitchi, ndipo pemphani kuti dzina ndi nambala yanu zilembedwe pansi pake. Achibale nawo auzeni mtengo, ngakhale muwachotsere. Mukapanda kutero mudzakhala wokonza makhadi a banja lonse mpaka kalekale osapeza ya sopo.

Musayambe ntchito musanalandire theka. Ngati mwagwirizana K40,000, K20,000 ilowe kaye. Ndalama ikatumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musakhulupirire sikirinishoti kapena uthenga wongotumizidwa. Lowani nokha pa *211# kapena *444# muone ngati yafikadi. Akuba amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa kampani, kenako amaimba kuti atumiza zochuluka molakwitsa, mubweze zotsala.

Lembani mgwirizano pa WhatsApp pomwepo, m'mizere yochepa: chimene mukonze, saizi yake, tsiku lopereka, mtengo, ndi kuti kusintha kwaulere ndi kawiri kokha. Mzere wa kusinthawu ndi umene umakutetezani kwa komiti ya ukwati imene aliyense ali ndi maganizo ake pa mtundu wa maluwa. Pemphani kuti pakhale munthu mmodzi wolankhula nanu. Mayina a anthu, masiku ndi manambala a foni akutumizireni molemba, osati pa voisi, ndipo asanasindikize awerenge n'kuvomereza kuti zonse zili bwino. Dzina la malemu kapena la mkwatibwi likalakwika pa makope 200, mlandu umagwera wokonza.

Polonjeza tsiku, onjezerani tsiku limodzi poopa kuzima kwa magetsi. Laputopu ndi foni zizikhala zotchaja, ndipo mafayilo muziwasunganso pa Google Drive. Fayilo yomaliza iperekedwe ndalama yotsala ikalowa, ngati PDF, ndipo pa WhatsApp itumizeni ngati dokyumenti chifukwa ikapita ngati chithunzi imafinyidwa n'kutaya kuwala kwake.

Kasitomala akasangalala, tsiku lomwelo mupempheni mawu awiri atatu oyamikira ndi chilolezo choika ntchitoyo pa sitetasi. Mufunseninso ngati akudziwa wina wofuna zoterezi. Pakadutsa mwezi chidwi chimakhala chitazizira.

Za pa intaneti

Fiverr ndi Upwork (tsamba lina lopezerapo ntchito) muziyambe mutakhala kale ndi ntchito zenizeni zoonetsa. Fiverr imadula 20 peresenti, kotero pa oda ya madola 50 mumatsala ndi 40, ndipo wogulitsa watsopano amadikira masiku 14 ndalama isanaloledwe kutapidwa. Pa Upwork mumagwiritsa ntchito ma Connects, amene ali ngati matikiti, pofunsira ntchito, ndipo akatha mumagula ena, choncho musamwaze mafomu paliponse. Sankhani ntchito zazing'ono zimene zangoikidwa kumene, za makasitomala amene analipirapo kale anthu ena. Konzani njira yolandirira ndalama, monga Payoneer, musanalandire oda yoyamba, ndipo dzina la pa akauntiyo lifanane ndendende ndi la pa chiphaso chanu ndi la kubanki. Kupikisana ndi dziko lonse pa ma logo n'kovuta, koma okonza zinthu amene amalemba Chichewa cholongosoka ndi ochepa, ndipo mabungwe ofuna mapositala a zaumoyo kapena zaulimi amawasowa. Lembani zimenezi pamzere woyamba wa mbiri yanu. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye kuti mupatsidwe ntchito, kapena kuti muchoke pa Fiverr mukakambirane pa Telegram, musiyeni: woyambayo ndi wakuba, ndipo wachiwiriyo angachititse kuti akaunti yanu itsekedwe chifukwa malamulo a Fiverr amaletsa zimenezo.